Mwezi Wosameta

M'tauni ina ya kumpoto kwa Holland, kumene mphepo imakankha munthu wa pa njinga ngati ikumubweza kumene wachokera, munali mtsikana wina dzina lake Pei Shulan. Kwawo kunali ku Fujian, kum'mwera kwa China, ndipo chimenechi chinali chaka chake chachitatu pa yunivesite. Ntchito yake inali yoti ukaimva koyamba umayamba waseka. Ankayeza kulemera kwa mitima ya ophunzira anzake a ku China, kuti aone mmene kukhala m'dziko la eni kumawapanikizira.

Zaka ziwiri zoyamba anayenda ndi mapepala a mafunso. Kodi umakusowa kwanu? Kodi umaopa kuyankhula m'kalasi? Nanga tulo umatipeza? Funso lililonse linali ndi timabokosi tisanu, koyamba kotanthauza kuti ayi ndithu, kotsiriza kotanthauza kuti kwambiri zedi. Anthu mazana awiri anayankha mwaulemu, ena mpaka kumuthokoza pobweza cholembera. Koma atasonkhanitsa mapepala aja anapeza kuti pafupifupi aliyense anachonga kabokosi kapakati. Wolira ndi woseka, onse pakati.

Mphunzitsi womuyang'anira anali Femke Boersma, mayi wamtali wosadziwa kuzungulira poyankhula. Anayang'ana manambala aja nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi.

"Shulan, manambala akowa ali thyathyathya kuposa dziko lathu lino. Palibe ngakhale kachulu."

Shulan ankadziwa kuti anzakewo sanali anthu abodza. Kwawo mwana akapita kutali amatumiza kumudzi nkhani zokoma zokhazokha, zowawa amameza. Ndiye pepala lokhala ndi chidindo cha sukulu angaliuze zimene sauza mayi ake omubala?

Njira ina anabwera nayo ndi Femke. Munthu akamavutika maganizo, thupi limatulutsa timadzi tina, ndipo timadzi timeneti timatsalira m'tsitsi pamene likumera. Tsitsi limakula sentimita imodzi pa mwezi. Ukadula kamtolo kochepa ngati chingwe cha nsapato, kunkhongo, pafupi ndi khungu penipeni, masentimita atatu amakuuza za miyezi itatu yapitayo.

"Tsitsi lilibe manyazi," anatero Femke. "Silidziwa kuti likuyankha mkulu."

Koma ku yunivesite sudula tsitsi la munthu chisawawa. Kuli komiti yopereka chilolezo, ndipo chilolezo cha Shulan chinatuluka chitalembedwa zonse: adule m'chipinda nambala 214, kuyambira pa 12 Febuluwale kufika pa 1 Malichi. Akuluakulu a sukulu nawo ananena zawo. Pofika kumapeto kwa Malichi akhale ndi tsitsi la anthu osachepera makumi anayi. Akapanda kutero, kafukufuku atsekedwa, ndipo Shulan abwerera ku Fujian chimanjamanja, zaka zitatu zitapita ndi madzi.

Sanade nkhawa. Mu Disembala anthu makumi asanu ndi limodzi anali atalembetsa kale.

Lolemba lija, pa 12 Febuluwale, analawira. Anayala sizasi, chipeso, ulusi womangira tsitsi, timapepala tonyezimira tokulungira, ndi maenivulopu olembedwa manambala m'malo mwa maina. Anaika fulasiki yake ya madzi otentha pazenera, nakhala pansi. Kunja kunkawaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kosaleka. Tsiku linatha chitseko chisanagogodedwe. Lachiwiri kunabwera atsikana atatu a ku Guangdong, Lachitatu mnyamata mmodzi wa ku Hainan. Basi.

Lachinayi masana kunalowa Bai Tiejun, wophunzira za makina a ndege, chimunthu cha ku Liaoning cha mawu ngati ng'oma. M'manja anali ndi jumbo ya manachesi.

"Achemwali, ndabwera kudzapepesa. Musandiyang'ane choncho. Mutuwu ndabwera nawo, koma lero sukugwira ntchito."

"Tiejun, si iwe unalembetsa woyamba?"

"Ndinalembetsa mu Disembala! Ndani amayang'ana kalendala ya kwathu mu Disembala? Chaka chatsopano chalowa Loweruka lapitali. Uno ndi mwezi woyamba, achemwali. Ukameta mwezi woyamba, amalume ako amamwalira."

Mwambowo Shulan anaumvapo kale, koma anauika pamodzi ndi zina za anthu akumpoto, monga kutafuna adyo wamuwisi. Kwawo ku Fujian sanaonepo munthu akuopa sizasi chifukwa cha amalume. Ndipo anali asanaganizepo n'kamodzi komwe kuti ophunzira ambiri a m'tauni ija anali akumpoto okhaokha, a ku Shandong, Hebei ndi Liaoning, chifukwa sukulu za kumeneko ndi zimene zinali paubale ndi yunivesite iyi. Masiku a pa chilolezo aja anasankha yekha.

"Iwe munthu wophunzira zouluka m'mlengalenga, ukukhulupirira zimenezo?"

"Ine? Ayi! Amalume anga ngakhale mutawagunda ndi thirakitala angadzuke n'kukufunsani fodya. Koma mayi anga amaimba pa vidiyo Lamlungu lililonse, ndipo asanafunse ngati ndadya amati, tatembenuka ndione kunkhongoko."

"Ndidula pang'ono chabe. Sadzaona."

Tiejun analeka kuseka. Anatenga nachesi limodzi m'jumbo muja n'kumaliyang'ana.

"Ine ndidzadziwa. Amalume amenewa ndi amene ananditula ku bwalo la ndege, maola asanu ndi awiri pa kagalimoto kawo konyamulira kabichi. Akadzangotsokomola mwezi uno, ine tulo ndidzatipeza kuti?"

Shulan analandira manachesi ndi manja awiri.

Tsiku lotsatira anakumana ndi Femke pakhonde, atavala kale zovala zake za mvula.

"Zikuyenda?"

"Zikuyenda bwino," anatero Shulan, uku akumwetulira. M'kabati munali maenivulopu anayi.

Mlungu wachiwiri uli pakati, kunabwera Dou Zhenhai, tcheyamani wa bungwe la ophunzira a ku China. Ameneyu anali munthu wodalirika. Ndiye ankachingamira alendo pa siteshoni ya sitima, kuwapezera zipinda, kuwaphunzitsa kumanga njinga ndi maloko awiri. Chidatchi ankachilankhula moti eni ake ankamuyankha osasintha chinenero. Akanena chinthu pa gulu lawo la pa foni, chinkachitika.

"Achemwali, ndamva kuti anyamata akukuvutitsani. Nkhaniyi ndi yaing'ono. Ndingolemba uthenga umodzi. Ndinena kuti amene analembetsa koma osabwera akuchititsa manyazi dziko lathu pamaso pa eni mudzi. Mawa mupeza mzere mpaka pa masitepe."

Shulan anadziwa kuti n'zoona. Akanabwera onse, ataweramitsa mitu, aliyense n'kusaina kuti wabwera mwa kufuna kwake. Pepala likanakhala loyera, komiti sikanadziwa kanthu. Anayang'ana maenivulopu opanda kanthu aja, ndipo kunena zoona, pakamwa pake panatsala pang'ono kutuluka mawu akuti lemba. Anathira madzi otentha m'kapu, kumwa pang'onopang'ono mpaka kutha.

"Zikomo, Zhenhai. Koma usalembe."

"Bwanji?"

"Ine ndinabwera kudzayeza katundu amene asenza. Ndikawasenzetsa wina ndi manja anga, ndiye kuti ndikuyeza chiyani?"

"Ndiye mupita kwanu opanda digiri."

"Mwina."

Zhenhai anangogwedeza mutu n'kutuluka.

Loweruka Shulan anapita kukagula mpunga kwa Azakhali Geng. Mayi ameneyu anali atakhala m'tauni ija zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kutsogolo kwa shopu yake ankagulitsa mpunga, mafuta, tiyi ndi zokometsera ndiwo. Kumbuyo kunali kachipinda ka mpando umodzi ndi galasi, kumene ankameta ophunzira onse a ku China, poti ometa a m'tauni ankati akagwira tsitsi lolimba lija, munthu ankatuluka ngati nungu. Tsiku limenelo mpando unali utavundikiridwa ndi nsalu.

"Mwezi uno sizasi imapuma," anatero Azakhali Geng akumuyezera mpunga. "Koma udzabwere pa 11 Malichi udzaone. Tsiku lachiwiri la mwezi wachiwiri pa kalendala ya kwathu, limene timati chinjoka chimadzutsa mutu, amabwera onse, mzere kukafika pa mlatho. Anyamata ndimawachotsa lonse, kutsala pang'ono mpala. Amati ayambe chaka mutu uli wopepuka."

Shulan anagwira tebulo. Lonse? Ndiye kuti likadutsa tsiku limenelo, masentimita atatu sadzapezekanso mpaka mu Juni. Lisanafike tsikulo sakanalola kudulidwa, likadutsa sipakanakhala chodula. Mpata unali wa tsiku limodzi lokha, masiku khumi chilolezo chitatha kale, pamalo pamene chilolezo sichinatchule.

Azakhali Geng anamuona nkhope.

"Ndiwe uja wa tsitsi, eti? Ndinamva. Pampando apo palibe chimene sandiuza. Nanga bwana wako, mayi wamtali uja, wamuuza?"

"Ayi."

"Ukudikira kuti alote?"

"Azakhali, ndinalakwitsa ndine. Ndikayambira pati?"

"Iii, tamverani! Zaka ziwiri wakhala ukudandaula kuti ana a anzako amachonga pakati. Nanga iwe ukuchonga pati? Nyamula mpunga wakowu, ukunditsekera makasitomala."

Lolemba nthawi ya nkhomaliro Shulan anagogoda pa ofesi ya Femke. Anampeza akudya buledi ndi tchizi, monga ankachitira tsiku lililonse la moyo wake. Kwa zaka zitatu mayiyu anakhala akumuuza kuti azingomutchula dzina, koma lilime la Shulan linkakana.

"Pulofesa, ndili ndi maenivulopu anayi okha."

Ananena zonse ali chiimire: za mwezi woyamba, za amalume, za pa 11 Malichi, ndi zoti masiku aja anasankha yekha osayang'ana kalendala ya kwawo.

Femke anaika buledi pansi.

"Milungu iwiri wakhala ukundiuza kuti zikuyenda bwino."

"Inde."

"Chifukwa chiyani?"

"Kwathu subweretsa vuto kwa mkulu usanalipezere mankhwala."

"Kuno vuto timalibweretsa likadali khanda, tisanayambe kulimbana nalo litamera mano. Takhala pansi." Anatsegula buku lake la masiku n'kuyendetsamo chala. "Komiti idzakumananso pa 20 Malichi. Kumeneko ndiye kulibe thandizo. Wapampando wa komiti akhoza kusaina yekha, koma bambo ameneyo buku lake ndi lodzaza mpaka Epulo. Tandiuza kaye, Shulan. Anthu ophunzira chonchi, amakhulupiriradi kuti sizasi ingaphe munthu ali ku China?"

Shulan anaganiza pang'ono.

"Tsiku lija munandiitana mwana wanu akukumbukira kubadwa, aliyense wolowa ankagwira chanza anthu onse m'nyumba, kuwafunira mafuno abwino. Ngakhale ine anandifunira, chonsecho mwanayo ndinali nditangomuona kumene. Pamenepo mumakhulupirira chiyani?"

Femke anaseka. "Palibe. Timangotero."

"Nawonso ambiri amangotero. Koma pali china. Munthu ali kuno, amalume ake ali kutsidya kwa dziko. Sangawaperekeze kuchipatala, sangawanyamulire thumba, sangakhale nawo pa chakudya cha chaka chatsopano. Chimene angawachitire ali kuno n'chimodzi chokha: kusameta. Ndiye ine ndikawalande chimenecho?"

Femke anamukankhira pepala ndi cholembera.

"Lemba zimene wanenazi. Mwachidule. Tikumane pa njinga 5 koloko ikapitirira."

Zimene anachita Femke madzulo amenewo, wodziwa anthu a dziko lija ndiye angazimvetse kukula kwake. Kumeneko supita pakhomo pa munthu usanapangane naye, ngakhale mbale wako. Ndipo 6 koloko ndi nthawi imene nyumba iliyonse imakhala pa tebulo ndi mbatatesi zawo. Kugogoda nthawi imeneyo kuli ngati kutsegulira munthu chitseko cha bafa. Femke, mayi amene ankalemba m'buku ngakhale tsiku lokamwa khofi ndi mng'ono wake, anapalasa njinga mu mvula, Shulan ali pambuyo, mpaka kukafika pa nyumba ya wapampando uja. Asanagogode anapumira m'mwamba.

"Mayi anga akanandiona, akanandikana," anatero.

Anatsegula ndi bambo wa imvi, foloko ili m'manja. Anayang'ana Femke, kuyang'ana wotchi, kuyang'ananso Femke. Sanawalowetse. Anawerenga pepala lija ali pakhomo pomwepo, kawiri. Kenaka anafunsa Shulan funso limodzi.

"Kumeneko kudzakhala anthu ambiri. Wokana adzakana bwanji anzake akuona?"

Shulan anali ataliganizira kale pa njinga paja.

"Tidzaika katani. Aliyense wopita ku mpando wometera adzayamba wadutsa kuseri kwa katani, wofuna ndi wosafuna yemwe. Akunja sadzadziwa amene wapereka."

Bamboyo anapatsira Femke foloko kuti amugwirire, natsamiritsa pepala pakhoma n'kusaina. Analembapo kuti pa 11 Malichi pokha, ndiponso kuti munthu asafunsidwe kawiri.

Tsiku lija litafika, mzere unayamba 8 koloko isanakwane. Njinga zinadzaza msewu wonse. Katani anali nsalu yoyala pabedi ya Azakhali Geng, ya maluwa ofiira akuluakulu, yomangidwa pa chingwe pakati pa matumba a mpunga ndi mpando wometera. Kuseri kwake kunali Shulan ndi katebulo, mpando umodzi, sizasi yake, ndi mapepala a mafunso. M'shopu monse munkanunkhira timitanda ta ufa tokulungira nyama ndi kabichi, timene atsikana awiri ankaphika pa kachitofu.

Tiejun analowa woyamba, tsitsi litamera mpaka kuphimba makutu.

"Achemwali, dulani lonse ngati mukufuna! Amalume apulumuka, dzulo amakangana ndi aneba za mpanda. Koma mukapeza kuti nambala yanga ndi yokwera, mulembe kuti ndi chifukwa cha buledi wa kuno."

"Khala phee, ndingakudule khutu."

"Dulani lakumanzere, ndi limene limamva za mayeso."

Shulan anamanga kamtolo ndi ulusi, kudula pafupi ndi khungu, kukulunga, kutseka mu enivulopu. Tiejun anayankha mafunso aja akung'ung'udza nyimbo, kenaka anatulukira mbali ina kukagwa m'manja mwa Azakhali Geng.

"Iwe chimutu ichi unachitenga kwa ndani? Makina anga atenthera pano!"

"Kwa bambo anga, azakhali. Mayi anga amadandaulabe mpaka lero."

Tsiku linayenda motero. Wina ankalowa n'kupereka mosavuta. Wina ankafunsa kaye ngati zotsatira zidzafike kwa makolo ake kapena ku ofesi ya ziphaso, ndipo Shulan ankamuonetsa kuti pa enivulopu palibe dzina. Ena ankanena motsitsa mawu kuti pepani achemwali, ine ayi. Amenewa Shulan ankawapatsa kapu ya madzi otentha n'kuwauza kuti akhale kaye pang'ono, kuti akunja asawazindikire pa kufulumira kutuluka. Panali mtsikana wina wa ku Hebei amene atangomva chipeso kunkhongo anayamba kulira mwakachetechete. Ananena kuti chifikire m'dziko muno, miyezi isanu ndi iwiri, palibe munthu anali atamukhudzapo m'mutu. Shulan anapitiriza kumupesa nthawi yaitali kuposa imene ntchito inkafuna.

Pofika 3 koloko masana mzere unatha. Shulan anawerenga maenivulopu, kuphatikiza anayi akale aja. Makumi atatu ndi asanu. Anawerenganso. Makumi atatu ndi asanu.

Anasuzumira pa katani. M'shopu munatsala anthu asanu ndi awiri osameta: Zhenhai ndi anyamata asanu ndi mmodzi a m'komiti yake, amene tsiku lonse anali kulongosola mzere ndi kusuntha njinga kuti aneba asadandaule. Anyamatawo sakanameta tcheyamani wawo asanamete. Koma tcheyamani ankangopeza zochita. Pena akusesa, pena akuyang'ana pa foni, chipewa chaubweya chili m'mutu ngakhale m'shopu munali kutentha.

Tiejun, amene anatsalira chifukwa cha chakudya, anakuwa ali ndi mtanda m'kamwa.

"A tcheyamani, chipewa chimenecho munabadwa nacho? Lowani, anthu akufuna kukawerenga!"

Onse anaseka. Zhenhai anasekanso, koma kuseka kwa mano okha. Anatsamiritsa tsache pakhoma n'kulowa kuseri kwa katani.

Sanakhale pa mpando msanga. Anayankhula motsitsa kwambiri moti Shulan anachita kusendera.

"Achemwali, ine sindingamete lero. Ndithandizeni ndituluke bwanji."

Anavula chipewa n'kutembenuka. Kunkhongo kwake kunali malo atatu osalala, opanda tsitsi n'limodzi lomwe, aliwonse kukula ngati ndalama yachitsulo.

"Zinayamba mu Novembala. Chiyambire sindinabwere kuno. Makina aja akangodutsa, aona onse."

Shulan anayang'ana malo aja, nayang'ananso munthu amene ankanyamulira anzake masutikesi pa siteshoni, amene anyamata ankamuimbira foni mapaipi akaphulika kapena mtima ukawawa. Sananene kuti pepa. Anadziwa kuti mawu amenewo akanamuvula zovala. M'malo mwake anakweza mawu.

"Azakhali! Tabwerani, sizasi yanga yalimba."

Azakhali Geng analowa akupukuta manja. Anaona mutu uja, ndipo nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono. Anayendetsa chala pa malo aja monga munthu woyesa ngati nsalu yauma.

"Ndiwe wachisanu chaka chino," ananong'ona. "Limamera. Ukayamba kugona, limamera."

"Ena ndani?"

"Ukufuna nawenso ndikakutchule kwa wachisanu ndi chimodzi?"

Kenaka anatembenukira ku katani n'kukuwa kuti onse amve.

"Tcheyamani sametedwa ngati nkhosa pagulu! Ameneyu ndimumetera konkuno, ndi sizasi, sitayilo ya mabwana. Inu dikirani makina."

Kunja kunamveka mluzu ndi kuwomba m'manja. Azakhali Geng anagwira ntchito mofulumira, kuchepetsa m'mbali, kusiya la pamwamba lalitali kuti ligwere kumbuyo. Asanafike kunkhongo, Zhenhai anakweza dzanja.

"Dikirani. Achemwali ayambe adula lawo."

"Sindinakupemphe," anatero Shulan.

"Ndikudziwa."

Shulan anapeza malo pamene tsitsi linali lokwanira, pambali pang'ono, namanga ulusi n'kudula. Zhenhai anatenga pepala la mafunso n'kuliika pa bondo. Ena ankalimaliza m'mphindi zisanu. Iye anakhala nalo mpaka Azakhali Geng kumaliza kumeta, kumusasa pakhosi, kutuluka. Shulan anayang'ana kukhoma nthawi yonseyo.

Atatuluka, chipewa chili m'thumba, anyamata aja anamuzungulira.

"Eee, a tcheyamani, mwasanduka woimba wa pa kanema!"

"Ukwati ndi liti, bwana?"

Zhenhai anawakankha mosewera. Kenaka ananena, osayang'ana munthu, ngati akunena za nyengo: "Ine ndapereka. Sizipweteka."

Anyamata analowa mmodzimmodzi. Aliyense Shulan ankamuuza mawu omwewo asanagwire sizasi, kuti usapereke chifukwa cha tcheyamani, iye sadzadziwa. Wachitatu atamva zimenezo anapumira pansi n'kunena kuti ndiye ine ndisapereke, achemwali. Anamwa madzi ake otentha n'kudutsa. Pamenepo maenivulopu anali makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ndipo anyamata anatsala atatu okha. Wachinayi anapereka. Wachisanu anapereka. Wotsiriza, kamunthu kamanyazi kophunzira masamu, anafunsa mafunso asanu ndi awiri okhudza makina a ku labu koyezera tsitsi, kenaka anaweramitsa mutu.

Makumi anayi ndi imodzi.

Femke anali atafika kale, atakhala pa thumba la mpunga, akulimbana ndi timitengo todyera uku Tiejun akumuphunzitsa mokuwa. Shulan anatuluka ndi katoni m'manja n'kumuuza nambala. Femke anadzuka, kupukuta zala pa buluku, n'kumugwira chanza mwamphamvu ngati anthu ogulitsana ng'ombe. Katoniyo anaikulunga m'mapulasitiki awiri n'kuimanga yekha pa njinga yake kuti akaitsekere ku labu ofesi zisanatsekedwe. Kumapeto kwa mwezi umenewo akuluakulu a sukulu anakumana, naona maenivulopu ndi siginecha ya pakhomo ija, ndipo analola kuti kafukufuku apitirire.

Koma tibwerere kaye ku shopu madzulo aja. Anthu atabalalika, Shulan anali kumasula chingwe cha katani pamene Zhenhai anabwerera, ati waiwala magolovesi. Anagwira mbali ina ya nsalu n'kumuthandiza kupinda.

"Achemwali, paja ku sukulu kuli dokotala wa maganizo uja. Amakhala khomo liti? Pali mnzanga wina amafunsa."

"Nyumba ya njerwa zofiira, kuseri kwa laibulale, m'mwamba. Sachita kufunsa kalata ya aphunzitsi."

"Kumakhala anthu ambiri? Mnzangayo safuna kukumana ndi omudziwa."

Shulan anamaliza kupinda nsalu, naiika pa mpando.

"Umuuze apite Lachinayi m'mawa. Nthawi imeneyo pa benchi yodikirira dokotalayo pamakhala ine ndekha, ndipo ine ndimakhala ndikuwerenga buku."